Kuchokera m'khola la ku Whitby kukafika pa Globe: mmene ndakatulo ndi zisudzo za Chingerezi zinayambira

Ambiri a ife tinadziwana ndi zolemba za Angerezi ku sekondale, aphunzitsi atatsegula buku la Shakespeare, ife thukuta lili kamukamu ndi Chingerezi choti ngakhale dikishonale inkatigwiritsa fuwa la moto. Mmene ankatiphunzitsira, ukanati bamboyu anangophuka yekha ngati bowa wa pachulu. Chikhalirecho, pamene iye ankabadwa mu 1564 n'kuti ndakatulo za Chingerezi zili ndi zaka pafupifupi 900, zisudzo nazo zitayenda kale m'matchalitchi ndi m'misewu kwa mibadwo yambiri. Ndipo mlakatuli woyamba wa Chingerezi amene dzina lake likudziwika sanapondeko m'kalasi. Anali wosamalira ziweto za amonke.

Nkhani yake anatisungira ndi Bede, mmonke wa ku Jarrow, m'buku la mbiri ya mpingo wa Angerezi limene analimaliza mu 731. Ku Whitby, kumpoto kwa England, kunali nyumba ya amonke ndi asisitere imene mayi Hild ankaitsogolera kuyambira 657 mpaka 680. Pamenepo pankagwira ntchito bambo wina wachikulire dzina lake Caedmon. Madzulo anthu akakhala pa mowa, mwambo unali woti choimbira cha nsambo chizizungulira, aliyense aimbepo yake. Caedmon analibe nyimbo ngakhale imodzi. Akangoona kuti choimbira chija chayandikira, ankanyamuka mwakachetechete n'kuzemba. Usiku wina atazemba choncho anakagona kukhola, poti inali nthawi yake yolondera ziweto, ndipo kutulo munthu wina anamuitana ndi dzina lake n'kumuuza kuti aimbe. Iye anati satha. Winayo anaumirira kuti aimbe za chiyambi cha zolengedwa. Kutacha, Caedmon anali ndi ndakatulo ya mizere 9 yotamanda Mlengi, ndipo mayi Hild ataimva anamulowetsa umonke. Ankamufotokozera nkhani za m'Baibulo, iye n'kukagona nazo, kuzibzikula ngati ng'ombe (fanizoli ndi la Bede mwini wake), m'mawa n'kubwera nazo zitasanduka ndakatulo.

Za malotowo aliyense aganize zake. Chochititsa chidwi ndi mmene ndakatuloyo inatifikira. Bede ankalemba m'Chilatini, chinenero cha mpingo ndi cha ophunzira, ndiye anangoimasulira m'Chilatinimo, kwinaku akudandaula kuti ndakatulo ukaisamutsa chinenero imataya kukoma. Mawu enieni a Chingereziwo anawawonjezera ndi alembi ena okopera bukulo, ena m'mphepete mwa tsamba, ena kumapeto. Chingerezi chinalowa m'mabuku chotero, chokhala pakhonde, mwininyumba ali Chilatini.

Anthu olankhula chinenerochi, a mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes, anachokera kumadera amene lero ndi kumpoto kwa Germany ndi Denmark, ndipo anawolokera ku Britain m'zaka za m'ma 400 Aroma atachokako. Ndakatulo zawo anabwera nazo pakamwa. Pabwalo la mfumu pankakhala mlakatuli wotchedwa scop, woimba za makolo, za nkhondo, za mphete zagolide zimene mfumu yabwino imagawira asilikali ake, ndi za maliro a ngwazi. Zidutswa za choimbira cha nsambo 6 zinapezeka mu 1939 m'manda achifumu ku Sutton Hoo. Kulemba pa zikopa ndi zilembo za Chilatini kunabwera ndi amishonale: Augustine, amene anafika ku Kent mu 597, ndi amonke a ku Ireland amene analowera kumpoto.

Ndakatulozi sizinkafananitsa mawu a kumapeto kwa mizere. Mzere unkadulidwa pakati, mbali iliyonse n'kukhala ndi malo awiri otsindika, ndipo chomangirira mbali ziwirizo chinali liwu loyambira. Titayesa m'Chichewa zingamveke chonchi: galu wa gogo, wagona pakhonde. Ga, go, go, lachinayi n'kusiyana. Khutu lathu silingadabwe nazo, poti chinenero chathu chimabwereza chokha mawu oyambira tikamati chinthu chachikulu chija chagwa. Kamangidwe kameneka kankathandiza woimba kukumbukira mizere yambirimbiri popanda pepala. Ankakondanso kutchula zinthu mozungulira: nyanja ankaiti msewu wa namgumi, thupi la munthu ankaliti nyumba ya mafupa.

Zambiri mwa izo zinapita ndi eni ake kumanda. Chikopa cholembapo chinali chodula kwambiri: Baibulo limodzi lalikulu limene amonke anzake a Bede analemba linadya zikopa za ana a ng'ombe oposa 500. Ndani akanawononga chuma chotero pa nyimbo za pa mowa? Ndakatulo zonse za Chingerezi chakalecho zimene zatsala ndi mizere pafupifupi 30,000, ndipo yambiri ili m'mabuku anayi okha olembedwa pamanja cha m'ma 1000. Limodzi lili ku Oxford, lina ku London, lina ku Exeter, ndipo lachinayi linapezeka kutali, ku Vercelli kumpoto kwa Italy, tauni ya pa njira ya apaulendo opita ku Rome.

La ku London ndi limene muli Beowulf, ndakatulo ya mizere 3,182. Liwu lake loyamba ndi Hwæt, limene omasulira ambiri amaliika kuti "Tamverani!", ngati mmene wokamba nthano amayambira poitana makutu a anthu. Nkhaniyo sichitikira ku England n'komwe. Mnyamata wamphamvu dzina lake Beowulf, wa kudera limene lero ndi kummwera kwa Sweden awolokera ku Denmark kukathandiza mfumu Hrothgar, imene nyumba yake ya maphwando yakhala ikuvutitsidwa ndi chilombo Grendel kwa zaka 12. Achizula mkono ndi manja, kenako atsikira pansi pa thamanda kukapha mayi wake wa chilombocho. Patatha zaka 50 ali mfumu, alimbana ndi chinjoka cholavula moto, achipha, iyenso afa, ndipo anthu ake atsala akulira chifukwa akudziwa kuti adani abwera. Wolembayo anali Mkhristu wonena za makolo osabatizidwa, ndipo amawalemekeza mowamvera chisoni. Bukuli ndi limodzi lokha padziko lonse. Mu 1731 nyumba ya Ashburnham ku Westminster, mmene ankasungamo mabuku a Sir Robert Cotton, inagwira moto, ndipo m'mphepete mwa masamba ake munawauka n'kuyamba kufumbutuka. Mwayi wake, Grímur Thorkelin wa ku Iceland analikopera cha m'ma 1787 zilembo zina zisanathothoke, n'kulisindikiza mu 1815. Moto ukanangosuntha pang'ono, ophunzira a masiku ano sakanalimva n'dzina lomwe.

Ine limene limandikoka mtima ndi la ku Exeter, limene bishopu Leofric anasiyira tchalitchi chake atamwalira mu 1072. Likuoneka kuti panapita nthawi anthu asakutha kuliwerenga: masamba ake ali ndi mabala a mpeni ngati ankadulirapo zinthu, chizindikiro chozungulira cha chikho chonyowa, ndi bowo lopsa ndi chikuni chamoto. Muli ndakatulo za chisoni, za munthu woyendayenda amene mfumu yake inafa, za woyenda panyanja yozizira, za mkazi wosiyidwa. Muli zilape zoposa 90, zopanda mayankho, moti akatswiri mpaka lero amakanganirana zina. Chilape china chimati mdani anandipha, anandiviika m'madzi, anandiyanika, mpeni unandipala, nthenga ya mbalame inayenda pa ine ikusiya mapazi akuda. Yankho lake ndi buku lachikopa. Zina ndi zolaula mochenjera, zoti uganize zamanyazi pamene yankho lake ndi anyezi kapena kiyi. Amonke amenewa kuseka ankakudziwa.

Kenako kunabwera 1066. William wa ku Normandy anagonjetsa mfumu Harold ku Hastings, ndipo malo, mipando ya ubishopu ndi makhoti zinagwa m'manja mwa anthu olankhula Chifalansa. Kwa zaka pafupifupi 300 Chingerezi chinali cha kumunda ndi kukhitchini. Zipsera zake zikuonekabe m'mawu: nyama ikakhala m'khola ndi cow, sheep, swine, mawu a woweta, koma ikafika m'mbale ya bwana ndi beef, mutton, pork, mawu ochokera ku Chifalansa. Sikuti kulemba kunaimiratu. Amonke a ku Peterborough anapitiriza kulemba mbiri ya dziko m'Chingerezi mpaka 1154, ndipo cha m'ma 1200 wansembe wina, Layamon, analemba ndakatulo yaitali imene munalowa mfumu Arthur. Koma chinenero chimene chinatuluka m'nyengoyo chinali chitasintha: malamulo ake atapepuka, mawu a Chifalansa masauzande atalowamo, ndipo alakatuli ataphunzira kufananitsa mawu a kumapeto kwa mizere.

M'zaka za m'ma 1300 zinthu zinatembenuka. England inali pa nkhondo yaitali ndi France, mliri wa 1348 ndi 1349 unapha anthu osachepera mmodzi mwa atatu alionse n'kukweza mtengo wa munthu wogwira ntchito ndi manja, ndipo mu 1362 lamulo linati milandu izikambidwa m'Chingerezi. (Lamulolo analilemba m'Chifalansa.) John Gower, posafuna kuika mazira onse m'dengu limodzi la chinenero, analemba buku lina m'Chifalansa, lina m'Chilatini, lina m'Chingerezi. William Langland analemba Piers Plowman m'kamangidwe kakale kobwereza liwu loyambira, akudzudzula ansembe adyera ndi olemera, moti dzina la mlimi wakeyo linatchulidwa m'makalata a anthu oukira boma mu 1381.

Geoffrey Chaucer ndiye anasankha Chingerezi cha ku London n'kuchionetsa kuti chitha kusenza chilichonse. Anali mwana wa wamalonda a vinyo. Ali mnyamata anagwidwa ku nkhondo ku France, mfumu Edward III n'kuperekapo mapaundi 16 pomuwombola. Anatumidwa ku Genoa ndi Florence mu 1372 ndi 1373, kumene anadziwana ndi zolemba za Ataliyana, ndipo kuyambira 1374 anagwira ntchito yoyang'anira msonkho wa ubweya padoko la London. Ndakatulo ankalemba akaweruka. M'buku la The Canterbury Tales, anthu pafupifupi 30 akumana pa nyumba ya alendo ya Tabard ku Southwark, pa ulendo wopita ku manda a Thomas Becket, bishopu wamkulu amene anaphedwa m'tchalitchi chake mu 1170. Mwini nyumba ya alendoyo akuti aliyense akambe nthano ziwiri popita, ziwiri pobwera, wopambana adzamugulire chakudya. Chaucer anamwalira mu 1400 atalemba nthano 24 zokha. Kukoma kwake kuli pa kukangana kwa okambawo. Msilikali wolemekezeka atangomaliza nthano yake yaulemu, mwini chigayo, ataledzera moti akulephera kukhala bwino pa hatchi, alanda bwalo n'kukamba yachigololo. Muli mayi wa ku Bath amene wakwatiwapo kasanu ndipo sakuchita nazo manyazi, muli wogulitsa zikalata za chikhululuko amene amayenda ndi mafupa a nkhumba n'kumati ndi a oyera mtima.

William Caxton atakhazikitsa makina osindikizira ku Westminster mu 1476, bukuli linali limodzi mwa oyamba kusindikizidwa. Caxton yemweyo anadandaula mu 1490 kuti sadziwa Chingerezi chiti asindikize. Anasimba za wamalonda wina amene anapempha egges kwa mayi wina ku Kent, mayiyo n'kuyankha kuti iye Chifalansa satha. Mpaka mnzake atanena kuti eyren m'pamene mazira anatuluka.

Mu nthano ya mwini chigayo ija muli mnyamata wa kutchalitchi amene, pofuna kukopa mkazi wa mwini, amasewera ngati Herode pa nsanja yaitali. Chaucer sanafunike kufotokoza, owerenga ake onse anali ataonapo. Zisudzo zimenezi zili ndi mbiri yakeyake.

Aroma anasiya mabwalo a masewero ku Britain, koma anagumuka, ndipo mpingo unkadana ndi ochita zisudzo. Chodabwitsa, sewero loyamba lolembedwa ku England likupezeka m'buku la malamulo a amonke limene bishopu Æthelwold wa ku Winchester anakonza cha m'ma 970. Linati m'mawa wa Pasaka mmonke mmodzi avale mkanjo woyera, agwire kanjedza, akhale pafupi ndi malo oimira manda. Ena atatu abwere pang'onopang'ono ndi zofukizira lubani, ngati anthu ofunafuna chinthu. Wokhala uja aimbe m'Chilatini kuti mukufuna yani, iwo ayankhe kuti Yesu wa ku Nazarete, iye awaonetse nsalu m'manda opanda kanthu. Mizere ndi yochepa, koma zovala zilipo, mayendedwe alipo, ndipo munthu akudziyesa wina.

Masewero a anthu wamba, a m'Chingerezi, anakula ndi matauni. Chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye, chimene Papa Urban IV anakhazikitsa mu 1264, chimagwa chakumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, pamene ku England dzuwa limachedwa kulowa. Ku York, zolembedwa zimayamba kutchula masewero a tsikuli mu 1376. Sanali m'manja mwa ansembe koma a khonsolo ya mzinda ndi mabungwe a amisiri. Bungwe lililonse linkapatsidwa gawo limodzi la Baibulo, kusonkha ndalama, kusunga ngolo yake, kupeza osewera, ndipo likachita mosasamala linkalipitsidwa chindapusa. Kagawidwe kake kanali ndi nzeru: okhoma zombo ankapanga sewero lomanga chingalawa cha Nowa, asodzi ndi amalinyero la chigumula, osula golide la anzeru a kum'mawa, ophika buledi la Mgonero, opha nyama la imfa ya Yesu, ndipo amalonda a nsalu zodula, olemera kuposa onse, ankatseka ndi Chiweruzo Chomaliza. Buku la mzindawo lasunga masewero 47. Osewera ankayenera kukhala okonzeka 4:30 m'mawa. Ngolo zinkanyamuka pa chipata cha Holy Trinity mu msewu wa Micklegate, kuima pa malo 12 kapena kuposerapo, paliponse n'kubwereza sewero lomwelo, moti munthu wokhala malo amodzi ankaona mbiri yonse, kuyambira kulengedwa kwa dziko mpaka kutha kwake, ikumudutsa pakhomo.

Sewero lopachika Yesu linali la opanga mapini ndi misomali, ndipo ndi limene limaonetsa bwino luso la alembi osadziwika mayinawa. Asilikali anayi akugwira ntchito pansi, Yesu atagona pa mtanda. Akambirana ngati amisiri pa ganyu: wobowola mabowo anawatalikitsa, mkono sukufika, bweretsa chingwe tikoke. Wina akudandaula phewa, wina akuti mnzake sakunyamula mokwanira. Oonerera, amene ambiri ndi amisiri okhaokha, akuwamvetsa, mwinanso akuseka. Ndiye mtanda uja udzutsidwa n'kugwetsedwa m'dzenje lake, ndipo munthu amene wakhala chete nthawi yonseyi ayang'ana khamu n'kulankhula kwa onse odutsa m'njira. M'sewero lonselo Yesu alankhula kawiri kokha. Kuseka kuja kumakutsamwa pakhosi.

Nthabwala sizinkasowa. Ku Chester mkazi wa Nowa akana kukwera chingalawa pokhapokha anzake omwa nawo akwere, ana ake achita kumunyamula, ndipo Nowa pomulandira alandira khofi. M'buku la masewero lotchedwa Towneley, limene ambiri amaligwirizanitsa ndi tauni ya Wakefield, abusa a ku Betelehemu ndi alimi a ku Yorkshire enieni, odandaula za chisanu, misonkho ndi mabwana olanda. Wakuba wina, Mak, awabera nkhosa, mkazi wake Gill n'kuifunditsa m'kabedi ka mwana, iye n'kumabuula ngati wangochira kumene. Abusa afufuza nyumba yonse osapeza kanthu, atuluka, kenako akumbuka kuti sanam'patse mwana mphatso. Abwerera, avundukula nsalu, n'kudabwa mwana wa mphuno yaitali chotere. Abusawo amuponyaponya Mak m'chinsalu, ndipo atangogona ndi kutopa mngelo aimba, iwo n'kupita kukaona Mwana weniweni, atatenga zipatso, kambalame ndi kampira.

Panalinso masewero a makhalidwe, mmene osewera ankaimira Imfa, Chuma, Chifundo kapena Ntchito Zabwino, onse akulimbirana munthu mmodzi. Lodziwika kwambiri ndi Everyman, lomasuliridwa kuchokera ku Chidatchi cha m'ma 1500. Koma limene likuonetsa kumene zinthu zinkalowera ndi Mankind, la cha m'ma 1470: pakati pa sewero, osewera aima n'kuuza anthu kuti chiwanda Titivillus sichituluka pokhapokha asonkhe ndalama. Apa ndiye kuti zisudzo zayamba kukhala ntchito yodyera.

Chimene chinapha masewero a m'misewu ndi kusintha kwa chipembedzo. Henry VIII atapatukana ndi Rome mu 1534, nyumba za amonke zinatsekedwa ndipo mabuku ake ambiri anamwazika, ena n'kung'ambidwa kukutira mabuku ena. Akuluakulu a mpingo watsopano sankafuna kuona munthu atavala ngati Mulungu pa ngolo. York inasewera komaliza mu 1569, Chester mu 1575. Nthawi yomweyo ophunzira anali akuyesa zatsopano. Henry Howard, nduna ya udindo wa Earl of Surrey, anayambitsa mzere wa maphatikizo 10 wosafananitsa mawu a kumapeto, ndipo sewero la Gorboduc, la 1561, linali loyamba kuugwiritsa ntchito pa nsanja. Lamulo la 1572 linati wosewera wopanda bwana wolemekezeka womuteteza ndi woyendayenda woyenera kukwapulidwa, choncho magulu anayamba kudzitcha antchito a nduna yakutiyakuti. Mu 1576 James Burbage, amene ntchito yake yoyamba inali ukalipentala, anamanga nyumba ya masewero ku Shoreditch, kunja kwa malire a mzinda wa London kumene akuluakulu a mzindawo sakanamuletsa, n'kuitcha The Theatre. Christopher Marlowe anagwedeza London ndi Tamburlaine cha m'ma 1587. Pangano la malo litatha, ana a Burbage anaphwasula nyumba ija, kuwolotsa matabwa ake mtsinje wa Thames, ndipo mu 1599 anamangira nyumba ina ya masewero, Globe, mmene woimirira pansi ankalipira peni imodzi ndipo mbali za akazi ankasewera ndi anyamata.

Mzinda wa Coventry, umene masewero ake ankakoka anthu ochokera kutali, unasewera komaliza mu 1579. Malangizo a sewero lawo lina amati Herode akalipe ali pa ngolo, atsikenso akalipire mumsewu momwe. Coventry ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Stratford, ndipo chaka chimenecho Shakespeare anali ndi zaka 15. Patapita zaka zoposa 20, m'sewero la Hamlet, mwana wa mfumu akulangiza osewera kuti asamakuwe ndi kutambasula manja mopitirira muyeso, ndipo kuti amveke msanga akuti wosewera wotero amaposa Herode pa uherode. Anthu oimirira pansi pa Globe, amene ena mwa iwo anakulira m'matauni a ngolo zija, ankamudziwa Herode ameneyo.